Ndinayeza Alamu ndi Bango

Mlongo wanga amandipatsa moni masiku ano, koma ndi moni wa pamsika, uja mumapatsa wogulitsa tomato amene simukufuna kumugula. Tinabadwa awiri okha m'mimba mwa mayi athu, ine kutsogolo, iye pambuyo. Nthawi ya nkhondo tinathawira limodzi ku Dedza, nkhondo itatha tinabwerera limodzi. Chimene chinatilekanitsa si munda, si ng'ombe, si ufiti. Ndi buluku. Musathamangire kuseka, nkhaniyi kutsogoloku ilibe poseketsa pambiri.

Ine ndine wosoka. Kuno amati alfayati, ukawoloka malire pa Kalomwe kulowa ku Malawi amati telala, koma mkazi wanga amati ndine wodula miyendo, ndipo amene amanena zoona ndi iyeyo. Sukulu ndinalekera kilasi yachitatu ku mishoni, nditaona kuti m'mutu mwanga mumalowa nthabwala zokha, masamu amatsalira pakhomo. Makina anga ndi opalasa ndi mapazi. Ndinawagula ku msasa wa othawa nkhondo, pobwerera kuno ine ndinasenza mutu wake, mlongo wanga anasenza miyendo yake yachitsulo, ndipo njira yonse ankanditukwana. Kale ndinkasoka madiresi, mayunifolomu, ngakhale malaya a ukwati. Koma chibwerereni kalamidadi, zovala zija za m'mabelo zimene anzathu a ku Malawi amati kaunjika, palibe amene amasoketsa chatsopano. Amagula buluku pa msika wa Domwe, n'kubwera nalo kwa ine kuti ndilifupikitse. Azungu amene amavala mabuluku amenewa kwawoko sindidziwa amadya chiyani. Mwendo umodzi wokha ungatuluke siketi ya mwana wa sukulu.

Kafupikitsidwe kanga n'kamodzi. Munthu avale bulukulo, avalenso nsapato imene adzayendere, aimirire pa thabwa langa. Ine ndigwade, ndipinde mwendo wa buluku mpaka ufike pamene chidendene cha nsapato chayambira, ndilembe ndi kachidutswa ka sopo wotha. Basi. Fita yoyezera ndinali nayo, koma manambala ake anafufutika kalekale, ndipo inakapeza ntchito ina yomangira chitseko cha khola la nkhuku. Munthu woimirira safuna fita. Za munthu amene sangathe kuimirira sindinaziganizepo.

Alamu anga, amuna a mlongo wangayo, anali munthu wamfupi, wa miyendo ngati mitondo. Ntchito yawo inali yonyamula kachewere pa njinga kuchokera m'madimba kupita naye kumalire, matumba atatu ulendo umodzi, njinga n'kumalira ngati mbuzi. Chilamu chathu chinali cha mano panja. Ine ndinkati, "Alamu, inu Mulungu anakuumbani Loweruka madzulo dothi litatha." Iwo ankati, "Wakuba nsalu iwe, miyendo ya mabuluku imene umadula ija umaipititsa kuti? Bweza ya eni ake." Zaka makumi atatu ndi zisanu tinkatero, pa maliro, pa ukwati, ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

Kenaka chifuwa chinawagwira. Anagona ku chipatala ku Ulongwe kawiri, kachiwiriko anawabweza ndi mapiritsi m'kathumba. Miyendo ya mitondo ija inasanduka misi. Mawu anatha, anatsala onong'ona okha, kuti umve umachita kuika khutu pafupi. Koma chinthu chimodzi chinkawadzutsa m'mawa uliwonse. Mwana wawo wotsiriza, wamkazi, anali woti akwatiwe m'tchalitchi mwezi wa Ogasiti, ndipo iwo anati zivute zitani adzamuperekeza okha mpaka ku guwa. Mkamwini wawo anawagulira buluku lakuda pa kalamidadi, la nsalu yolemera, lokongola ndithu. Kutalika kwake, alamu akanalowamo ndi mutu womwe.

Mlongo wanga anandiimbira foni kuti ndikalitenge. Kwawo ndi kwathu ndi ulendo wa ola limodzi wapansi. Ndinapita Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julayi, kuli nkhungu ndi kamvula kowaza kaja kamene sikanyowetsa nthaka koma kamalowa m'mafupa. Ndinamupeza pakhonde akumanga thumba la chimanga, akupita kuchigayo kukagayitsa ufa wa thobwa la ukwati. Mwana wawo anali atapita ku mishoni ya Fonte Boa ku maphunziro a banja.

"Achimwene, mwachita bwino kufika," anatero mlongo wanga. "Ali m'katimo. Musawaseketse kwambiri, akayamba kutsokomola sasiya."

"Ine ndabwera ndi nkhope ya ansembe lero."

"Nkhope yanu ndimaidziwa. Potuluka mutseke chitseko, mphepo ingawalowe."

Anasenza thumba lake n'kumapita.

Alamu ndinawapeza chagada pamphasa, atafunda mabulangete awiri. Anandikodola ndi chala kuti ndiwerame.

"Wakuba wafika," ananong'ona. "Bisani nsalu."

"Dzukani, achitsa, ndikuvekeni buluku la bwana."

Tinayesa. Ndinawagwira m'khwapa, iwo anagwira khosi langa, anafika pogwada, kenaka maso anayamba kutembenuka. Ndinawagonekanso. Anapuma kanthawi, thukuta lili pamphumi kunja kukuzizira chonchija.

"Lero ayi," anatero. "Koma tsiku la ukwati ndidzaima."

"Mudzaima. Tidzakuikani mphanda ngati nthochi."

Ndinafunafuna buluku lawo lakale kuti nditengerepo muyeso. Anali nawo awiri, onse tcheni cha njinga chinawadya m'munsi, mwendo wamanja kufupika kuposa wamanzere, ulusi uli lendelende. Sakanandithandiza. Ndinatuluka pakhonde kuti ndione ngati pali kachingwe. Panalibe chingwe. Panali mtolo wa mabango, poti mlongo wanga amasoka mphasa. Ndinasolola limodzi n'kulowa nalo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ana a masiku ano ena sadziwa. Kwathu kuno munthu akamwalira, mmodzi wa adzukulu, anthu okumba manda aja, amalowa m'nyumba ndi bango. Amaligoneka pambali pa mtembo, amalithyola molingana ndi msinkhu wa malemuyo, n'kutuluka nalo osalankhula ndi munthu, ulendo wa kumanda kuti dzenje likakumbidwe loyenera. Aliyense woona mwamuna akutuluka m'nyumba ya wodwala ali ndi bango lothyola m'manja safunsa. Uthenga wafika kale. Ine ndakhalapo mdzukulu kambirimbiri, bango lotero ndalinyamulapo ndi dzanja langali. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Bango linali lalitali, m'kachipindamo silinkakwana kugona. Ndinaligoneka pambali pa alamu, kumapazi linagunda khoma, ndiye ndinalithyola chakumutu kwawo kuti likwane. Kenaka ndinalemba ndi chikhadabo pamene pali fupa la m'chiuno, ndi pamene pali kakolo. Alamu ankandiyang'ana chammbali.

"Alamu, mwafulumira," ananong'ona. "Ndikadalipo."

"Ndikungoyerekeza. Inu adzukulu adzakuthokozani. Dzenje lanu ndi lobzalamo kachewere, khasu kawiri latha."

Anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinabwera, ndinawakhazika tsonga n'kumawasisita kumsana mpaka chinatsika. Atapeza mpweya anandikokanso malaya.

"Musadule kwambiri. Mwina ndikachira nditalika."

Tonse awiri tinaona chimene bangolo linkafanana nacho, ndipo tinachiseka m'chipindamo. Kuti kunja kulinso maso, palibe mwa ife amene anaganizako.

Buluku ndinalipinda n'kulilowetsa m'kati mwa jekete kuopa kamvula kaja. Chitseko ndinatseka monga anandiuzira mlongo wanga. Bango ndinaligwira m'manja. Ndipo pali china. Ine ndikamadutsa m'mudzi umene uja ndimakhala ndikuputa aliyense, amayi a pamjigo ndimawafunsira ukwati onse pamodzi, agogo ndimawaitanira ku mpira. Tsiku limenelo sindinatero. Powanyamula alamu paja manja anga anamva nthiti zokhazokha, munthu amene ankakweza matumba atatu pa njinga analemera ngati nkhuku. Ndinatuluka mutu uli pansi, pakamwa pali gwa. Akanandiona ndikuseka akanakayika.

Pamjigo panali amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi. Wopopa anasiya kupopa. Mayi wina wachikulire anatula chidebe n'kugwada pambali pa njira.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu.

"Zikomo, mayi," ndinayankha, ndili m'maganizo oti akundipepesa za matenda. Ndinapitirira. Njira ya kwathu imadzera m'mphepete mwa nkhalango ya manda a m'mudzimo, ndiye amayi aja anandiona ndikulowera komweko.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu. Mkazi wanga anali kudimba. Foni yanga inali kwa aneba a sola, ikudya moto. Ndinakhala pamakina mtima uli m'malo, ndinati ntchito iyi ndiigwire bwino kuposa zonse.

Ndinayala buluku patebulo, miyendo yonse iwiri pamodzi, msoko pa msoko. Ndinagoneka bango m'mbali mwake, chizindikiro cha m'chiuno pa lamba, n'kulemba ndi sopo pamene panafika chizindikiro cha kakolo. Ndinawonjezera chala chimodzi cha nsapato, ndi zala zitatu za mpendero. Ndinakumbuka mawu a alamu aja n'kuwonjezeranso chala china, ndikuseka ndekha. Kenaka ndinadula. Nsalu inali yabwino, sizasi inkalira mokoma podutsa. Ulusi wakuda unali utatsala pang'ono, ndinaukulungira wonse m'kabobini kapansi, pamwamba ndinaika wina wakuda mofiirira umene pa nsaluyo sunkaoneka. Ndinakoleza makala m'simbi. Mpendero wabwino umayamba ndi simbi, osati singano: kupinda kamodzi, kusita, kupindanso, kusitanso, mpaka m'mphepete muli thyathyathya ngati mpeni. Posoka ndinapalasa pang'onopang'ono, ndipo pofika pa msoko wam'mbali, pamene nsalu imakhala yokhuthala kanayi, ndinasiya kupalasa n'kumazungulitsa gudumu ndi dzanja kuti singano isathyoke. Mwendo woyamba, mwendo wachiwiri. Ndinabwezera ulusi kumapeto kuti usasomphoke. M'chiuno munali mwamukulu kwambiri kwa munthu wowonda chonchija, koma sindinadulemo, ndinangopinda kumbuyo n'kusoka ndi misoko italiitali yoti tsiku lina n'kuimasula. Ndinena mosadzitama, ngakhale kudzitama ndimakudziwa: mpendero umene uja sindinasokeponso wina woufika.

Ndinali kusita komaliza pamene mkazi wanga analowa, matope ali m'miyendo, mpango uli m'manja.

"Abambo, mwakhala pamakina? Simunamve?"

"Ndimve chiyani?"

"Alamu anu atisiya. Andiimbira a ku mpingo."

"Ayi. Ndawasiya akuseka m'mawa womwe uno."

"Akuti inuyo ndi amene mwatuluka ndi bango."

Bango linali patebulo, pakati pa ine ndi iye. Mkazi wanga analiyang'ana, anayang'ana buluku, kenaka anakhala pansi pomwepo n'kugwira pakamwa.

Ndinabwereka njinga kwa aneba. Ndili m'njira ndinkakumana ndi anthu akubwerera awiriawiri, amayi atamanga zitenje za pamaliro, abambo ena atanyamula mipando. Palibe amene anandipatsa moni. Pafupi ndi mudzi, pamene njira ya kuchigayo imakumana ndi yathu, panali ufa utamwazika pansi, kamvula katausandutsa phala, nkhuku zikujompha.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake, kwa uyu pang'ono kwa uyo pang'ono. Amayi a pamjigo aja anasiya zidebe n'kupita kunyumba ya alamu. Anapeza chitseko chotseka. Anakhala pakhonde n'kuyamba kulira. Kulowa sanalowe, poti m'nyumba ya maliro salowamo wamba eni ake asanatsegule, ndipo aliyense ankayesa kuti m'katimo muli kale achibale. Kulira kunaitana ena. Mafoni anagwira ntchito yawo. Pasanathe ola pabwalo panadzaza, abambo anayamba kutuluka ndi nkhuni, amayi a m'kwaya anayambitsa nyimbo. Alamu anali m'katimo, maso ali tong'o, khoma lokha pakati pa iwo ndi anthuwo. Anayesa kuitana, mawu analibe. Anayesa kukwawira kuchitseko, anagwera pakati pa chipinda n'kukhala pomwepo. Mlongo wanga, akuchokera kuchigayo thumba lili pamutu, anakumana ndi mayi wina. Mayiyo anamugwira m'chiuno n'kuyamba kulira. Mlongo wanga anaponya ufa, anathamanga mtunda wonsewo akuitana amuna ake, anakankha chitseko. Anawapeza pansi, akumuyang'ana.

Pamene ine ndinkafika, pabwalo panali patatsala nkhuni zokha. Mlongo wanga anali atakhala pakhonde, ufa uli mbuu m'tsitsi ndi m'mapewa. Sanalire, sanakalipe.

"Achimwene, mwabwera kudzakwirira?"

"Ndabweretsa buluku."

"Ikani pamenepo."

"Mlongo wanga, ine ndimati ndingotenga muyeso, chingwe panalibe."

"Ikani pamenepo, muzipita."

Ndinaliika pa mtolo wa mabango uja n'kubwerera.

Patapita masiku awiri ndinapitanso. Mlongo wanga atandiona anatenga chidebe n'kupita kumjigo, ndiye ndinalowa. Buluku linali pa msomali kukhoma. Mbale ya phala inali pambali pa mphasa, yodzaza, itauma pamwamba. Ndinagwada n'kuika khutu.

"Alamu," anatero, "ndamva maliro anga."

"Ndiye mwaposa tonse. Ena amalipira kuti adziwe amene adzabwere."

"Analira bwino. Sindingadandaule. Kwaya inayamba ndi nyimbo imene ndimaikonda."

"Mwaona? Tsiku lenilenilo adzakhala ataphunzira kale."

Sanaseke. Anandikoka malaya.

"Kuseri kwa khomali kunakhala amayi awiri. Sankalira iwowo, ankacheza. Akuti mlongo wanu apumule tsopano. Akuti wasenza mtembo wopuma miyezi isanu ndi iwiri, mpaka msana wapindika. Akuti dimba lake lauma, mphasa anasiya kusoka. Akuti bola zachitika ukwati usanafike, mwana asadzachite manyazi ndi bambo wotsokomola magazi m'tchalitchi."

"Pakamwa pa amayi a pamaliro mukupadziwa, alamu. Amanena chilichonse pofuna kutenthetsa milomo."

"Sananame."

"Ananama. Idyani phalali."

"Ine ndinkaona ukwati wokha. Msana wake sindinauone."

Ndinatenga supuni n'kuwayandikizira. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinayesa zonse zimene ndili nazo. Ndinawakumbutsa tsiku limene anagwera m'ngalande ndi matumba atatu a kachewere apolisi a pamalire n'kumawathandiza kutola. Ndinawatcha chitsa, ndinawatcha katumbu. Ndinatsitsa buluku pa msomali kuti aone ntchito yanga. Anatambasula dzanja, anapapasa mpendero ndi chala chachikulu kuzungulira mwendo wonse.

"Mwasoka bwino," anatero. "Bwezerani pa msomali."

Sanandinenenso wakuba. Ndinadikira, sananene.

Ndinkapita tsiku lililonse. Madzi ankamwa, mapiritsi ankameza mlongo wanga akawaumiriza, koma chakudya ankalawa supuni imodzi n'kusiya. Mwana wawo ankawagwadira akulira kuti, "Ababa, adzandiperekeza ndani?" Iwo ankangomusisita kumutu. Ansembe anabwera kudzawadzoza. Tsiku lachisanu ndi chinayi chichitikireni za bango zija, masana dzuwa likuswa mtengo, anamwalira. Ukwati unali utatsala milungu itatu.

Maliro enieniwo anayamba mozizira. Uthenga utapita, anthu sanathamange. Ankatuma wina kuti akaone kaye. Amayi atafika pakhonde ankayang'anana, aliyense kudikira mnzake kuti ayambe, ndipo kulira kutayamba kunali kopyapyala, kwa anthu amene misozi yawo anaitaya kale pa nkhani yomweyo ndipo akuchita nayo manyazi. Munthu amene ananyamulira mudzi wonse kachewere analiridwa bwino ali moyo, atafa analiridwa mwamwambo chabe. Adzukulu tsiku limenelo palibe amene anafuna kugwira bango, anakabwereka fita kwa mmisiri wa bokosi. Mlongo wanga anawaveka amuna ake buluku lakale lodyedwa ndi tcheni. Lakuda lija sindidziwa linapita kuti, ndipo sindinafunse. Ine ndinakhala kumbuyo, pansi pa mtengo wa pichesi, pamodzi ndi alendo.

M'mudzi munayenda mawu akuti ndinawaitanira imfa alamu anga. Ena ankati munthu ukamuyeza ndi bango mzimu wake umatsatira bangolo. Ena anafika poti ndinachitira dala, makina anga amayendera zomwezo. Kwa miyezi ingapo pa thabwa langa sipanaime munthu, kenaka Khirisimasi itayandikira mabuluku anawakulira, anabwerera okha. Zimenezo sizinandipweteke kwambiri. Chimene chinkandidya n'choti ndinkayesa kuti mlongo wanga nayenso akukhulupirira zomwezo.

Titameta, ndinapita ndi mkazi wanga ndi akatekisi, nkhuku ili m'manja. Ndinagwada pabwalo, ine wamkulu kugwadira wamng'ono. Akatekisi analankhula nthawi yaitali za kukhululuka. Mlongo wanga anamvetsera mpaka kumapeto, anati, "Ndamva." Nkhuku analandira. Ukwati unachitika chaka chotsatira, ndipo ine monga malume ndinaima pa unkhoswe, ndinamuperekezanso mwanayo ku guwa m'malo mwa bambo ake. Tsiku lonselo mlongo wanga ankandilankhula kudzera mwa mwana. "Uwauze amalume ako akhale uku." "Uwafunse amalume ako ngati adya." Ine ndili pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamene waima.

Zinakhala choncho zaka zitatu. Chaka chatha, nthawi ya chilimwe, ndinatopa nazo. Ndinamulondola kudimba kwake. Ndinamupeza akuthirira kachewere, makeni awiri ali pachitsime, iye akunyamula imodzi. Msana wake unapindikadi, amayi aja pamenepo sananame.

"Mwaswera bwanji, achimwene," anatero osaima.

"Sindinaswere. Ndabwera kudzafunsa. Iwe ndiwe munthu wa mpingo, Misa suphonya. Ukukhulupiriradi kuti bango limapha munthu?"

Anatula keni. Anapukuta manja pachitenje, anandiyang'ana kumaso, koyamba chichitikireni zija.

"Bango silipha munthu, achimwene. Adokotala anandiuza ku Ulongwe, tsiku limene anatibweza lija, kuti bambo a ana sadzaiona mvula. Ndinadziwa ndekha, sindinauze munthu, ngakhale inu. Ndinkafuna apite akuganiza za ukwati wa mwana wawo. Ndipo zinkatheka. M'mawa uliwonse ankandifunsa, nkhuku zakwana zingati, thobwa aphika ndani, nsapato zanga wapukuta? Ankandikalipira kuti ndikuchedwa. Ine ndinkasangalala pondikalipirapo."

Ndinati ndilankhule, anakweza dzanja.

"Mutachoka inu ndi bango lanu, sanandifunsenso za nkhuku. Masiku asanu ndi anayi ankangondipepesa. Ndikawatembenuza, pepani mayi. Ndikawasambitsa, pepani mayi. Ndikawachotsera mbale, pepani mayi, ndakuvutitsani. Zaka zonse zija munthu ameneyo sanandipepesepo, ngakhale tsiku limene anagulitsa mbuzi yanga osandiuza. Ndinawauza kuti sindinatope, ndinalumbira, sanandimvere. Anapita akudziyesa katundu. Kufa akanafa ndithu. Koma akanafa ali mwamuna wanga wokalipa uja."

"Sindinadziwe kuti kukhoma kudzakhala amayi amenewo."

"Simunadziwe. Inu simudziwa kanthu, achimwene, mumangoseka. Chibadwire. Ine sindikudani. Koma ndikaona nkhope yanu ndimamva pepani mayi, ndiye ndimayang'ana kumbali."

Ndinafunsa chabe kuti, "Ndichite chiyani?"

"Palibe."

Anatola keni yake n'kupita kuchitsime. Ndinavula nsapato, ndinatenga keni inayo, ndinatunga. Sanandiletse. Ndinathirira mzere umodzi, iye uko ine uku, osalankhulana. Ndinathirira wachiwiri. Ndili pakati pa wachitatu anabwera n'kugwira chogwirira cha keni yanga.

"Mukuthira madzi ambiri, aola," anatero. "Siyani. Mukapereke moni kwa alamu anga, akazi anu, kunyumba."

Ndinasiya. Ndinatsuka mapazi m'ngalande, ndinavala nsapato, ndinakwera mtunda. Nditafika pamwamba ndinacheuka, anali atabwerera pa mzere wachitatu uja, akuyambira pamene ndinalekera.